Kalata ya Imfa ya Feni

Loweruka m'mawa, bambo uja anzake amamutcha Yatuluka, chifukwa pakamwa pake sipachoka mawu akuti "yatuluka ina yatsopano," anafika pa kashopu ka mlamu wake wokonza zamagetsi atasenza feni yakale paphewa ngati mbuzi yodwala. Kudzanja linalo kunali chikatoni chokulunga m'saka, chimene anachikhazika panja, kuseri kwa chitseko, asanaodire.

Nkhani yake inali yotere. Mvula ya chaka chatha inatseka ngalande ya kuseri kwa nyumba yawo, madzi n'kulowa mpaka pansi pa bedi, ndipo pa zinyalala zimene anthu anavuula, mkazi wake anazindikirapo ketulo ziwiri, wailesi, simbi ndi feni yabuluu, zonse zochokera m'nyumba mwawo momwemo. Tsiku lomwelo mayiyo anaika lamulo: chatsopano sichilowa pakhomo pokhapokha mlongo wake, mmisiriyo, atalemba papepala kuti chakalecho chafadi. Wophwanya lamulo akagona m'chipinda chosungira katundu. Yatuluka chipindacho ankachidziwa. Zenera munalibe, ndipo malo otsala pansi ankakwana mwendo umodzi wopinda.

"Odi kuno, alamu."

"Lowani. Samalani waya pansipo."

"Ndabwera ndi maliro."

Mmisiri anaika pansi chimene ankawotcherera, n'kuvula chipewa. "Ndani?"

"Uyu." Yatuluka anatsitsira feni patebulo mwaulemu. "Watisiya Lachinayi masana."

"Aa, feni." Chipewa chinabwerera kumutu. "Ndimayesa munthu."

"Kwa ine anali munthu. Zaka khumi ndi zinayi akundikupiza. Ingolembani kapepala kaja, tisamuvutitse. Wavutika mokwanira."

"Ndione kaye."

"Muonanji pa mtembo?"

"Mlongo wanga anati ndiziona. Waimba m'mawa, wati adutsa pano dzuwa likafika pamutu, adzatenga yekha pepalalo."

Yatuluka anasuzumira panja kuyang'ana dzuwa. Linali litayamba kale kukwera ngati nalonso lauzidwa.

Mmisiri anamasula pulagi, n'kuiyang'ana mkati nthawi yaitali.

"Fyuzi mulibe."

"Yapsa."

"Ikapsa imatsala momwemo, yakuda. Muno mulibe chilichonse. Wina anamasula n'kuchotsa."

"Makoswe."

"Makoswe?"

"A kwathu ndi ovuta."

"Anamasula, n'kuchotsa fyuzi, n'kumanganso bwinobwino chonchi?"

"Ndanena kuti ndi ovuta."

"Sindinaonepo otero," anatero mmisiri, nkhope ili phee. "Mukagwira mmodzi musamuphe. Ndikufuna ndimuone."

Yatuluka anayang'ana kudenga. Moyo wake wonse sanamangepo chinthu chowongoka, ngakhale shelefu ya kukhitchini imatsetsereza makapu mpaka lero. Ntchito yoyamba imene anaigwira mwaukhondo inali ya pulagi imeneyi, ndipo ukhondo womwewo ndi umene ukumupereka.

Mmisiri anatola fyuzi m'kachitini, n'kuika, n'kulumikiza kukhoma. Feni inazungulira, koma ikulira kuti kotokotokoto.

"Mwamva?" Yatuluka analoza ndi chala, nkhope itawala. "Kupuma kotsiriza kumeneko. Agogo anga ankalira chomwecho."

"Agogo anu anali ndi pegi m'mimba?"

"Pegi?"

Mmisiri anali atazimitsa kale, zala zili kumbuyo kwa feni. Anasolola pegi yoyanikira zovala, yofiira.

"Yakokedwa ndi mphepo," anatero Yatuluka.

"Kumbuyoku imakokadi mphepo. Koma pegiyi inatsegula pakamwa yokha n'kuluma chitsulo."

"Zovala zathu timayanika pafupi."

"Muziyanika patali."

Anadonthezera mafuta pang'ono, n'kuyatsanso. Feni inayenda mwakachetechete, mutu ukutembenukira uku ndi uku, mapepala a patebulo akugwedezeka. Chiyambire Yatuluka anali asanaimvepo ikuyenda bwino chonchi, ndipo zinamuwawa.

"Chabwino, ikuzungulira. Koma mphepo yake, alamu. Imvani mphepo yake."

Mmisiri anaika nkhope kutsogolo kwa feni, n'kutsinzina. "Ndaimva."

"Ndi yakale."

"Mphepo?"

"Yatopa. Siyozizira ngati ya masiku ano."

"Mphepo siikhala mu feni, alamu. Feni imangokankha imene yaipeza m'chipinda. Ngati ya kwanu ndi yakale, tsegulani zenera."

Yatuluka anakoka kampando, n'kukhala pafupi, mawu n'kutsitsa.

"Alamu, tiyankhule ngati akuluakulu. Ine ndi inu tinachokera kutali."

"Inu munachokera kutali. Ine ndinabadwira kuseri kwa msewuwu."

"Ndikutanthauza kuti tadziwana kalekale. Pepala silimva kuwawa. Cholembera sichipita ku tchalitchi. Mungolemba mawu awiri, feni yafa, kenako tipite patsidyapo ndikakugulireni chozizira."

"Chozizira ndimwa. Koma feni ikuzungulira."

"Ndikuona."

"Nanga ndilemba bwanji kuti yafa?"

Yatuluka anatambasula dzanja, n'kuzimitsa feni. "Onani tsopano. Ikuzungulira?"

"Ayi."

"Lembani."

Mmisiri anang'amba pepala m'kope, n'kulemba pang'onopang'ono, lilime lili panja. Yatuluka anawerenga mozondoka mpaka atafika pa mawu achiwiri.

"Feni yazimitsidwa ndi mwini wake. Ichi n'chiyani?"

"Zimene ndaona."

"Mlongo wanu ndikamupatsa ichi, ndiye kuti ndadzinyamulira ndekha bulangeti."

"Ndiwonjezere nthawi yake?"

"Ng'ambani."

"Kumbuyoku sikunalembedwe, ndidzagwiritsa ntchito." Analipinda, n'kuliika pansi pa kachitini ka mafyuzi.

Yatuluka anadzuka, n'kuyamba kuzungulira feni ngati munthu wofuna kugula ng'ombe. Anagwira kachopotokolera koyatsira, n'kukapotokola, n'kupitiriza kukapotokola mpaka pamene sikafika. Kanalira kuti thyo.

"Hii, pepani. Kathyoka." Anakaonetsa m'chikhatho. "Ndiye basitu. Zoterezi anasiya kupanga. Feni yosayatsika ndi yakufa, ngakhale inuyo simungatsutse."

Mmisiri anawerama n'kukoka ndowa pansi pa tebulo, yodzaza ndi tizidutswa ta zinthu. Anavundula, anavundula, n'kutulutsa kachopotokolera kabuluu.

"Ikhala yosiyana mtundu, koma iyatsa."

"Mwakatenga kuti?"

"Nkanu."

"Kanga?"

"Ka feni yabuluu ija munagula chaka cha dzana. Inatuluka m'ngalande pamodzi ndi ketulo. Mlongo wanga anandibweretsera zonse pa wilibala. China chilichonse pa feni ija chinali chitatha, koma aka kanali bwino."

Yatuluka anakhalanso pansi. "Anthu ena akufa awo amawabwerera kumaloto. Ine amandibwerera m'ndowa."

"Zilipo zambiri zanu umu. Mufuna muone?"

"Sindikufuna."

Mmisiri anakapala kachopotokolerako pang'ono, n'kukalowetsa. Kanakwana. Feni inayambanso kutembenuza mutu. Yatuluka anaona kuti njira ya bodza yatha, yatsala ya nzeru, imene sankaiyenda kawirikawiri.

"Alamu, inu ndi mlongo wanu mukuti mukuteteza chilengedwe. Inenso ndi chomwecho. Zakalezi zimadya magetsi ngati zili paukwati. Zatsopano zimangonyambita. Munthu wokonda dziko amagula chatsopano."

"Nanga iyi mupita nayo kuti?"

"Nditaya."

"Kuti?"

"Kotaya."

"Kotaya ndi kuti?"

"Alamu, munthu akataya chinthu sachiperekeza. Chimangopita."

"Chilibe miyendo."

"Amabwera a galimoto ya zinyalala."

"Anabwera liti komaliza?"

Yatuluka anaganiza. Anakumbukira kuti nthawi imeneyo anali adakali ndi tsitsi pakati pamutu.

"Chabwino, mvula ikagwa zimapita."

"Zimapita pansi pa bedi lanu."

"Kamodzi kokha."

"Ndiye kotaya ndi pansi pa bedi lanu," anatero mmisiri, akugwedeza mutu ngati munthu amene wapeza yankho la funso lomwe linamusautsa kalekale. "Ndinkadabwa kuti ndi kuti."

Mthunzi wa chitseko unali utafupika. Yatuluka anapukuta thukuta, ngakhale feni yakaleyo inkamukupiza mokhulupirika, zimene zinkamukwiyitsa koposa.

"Alamu, ndiulule. Ndinagula kale."

"Chiyani?"

"Feni. Lachinayi. Yagona masiku awiri kuntchito, pansi pa tebulo langa. Abwana anena kuti ichoke. Ndilibe koiika. Popanda pepala lanu siilowa m'nyumba, ndipo mlongo wanu akaiona popanda pepala, ine ndiye ndituluka kuchipinda."

"Mwagula isanafe yakale?"

"Ndimati imfa itipeze takonzeka."

"Munagula Lachinayi, ndipo iyi inadwala Lachinayi."

"Nsanje."

"Feni ilibe nsanje."

"Dikirani muione. Inunso muchita nayo nsanje."

Anatuluka, n'kukoka chikatoni chija. Atavula saka, nkhope yake inasintha. Manyazi onse anathawa, anatsala munthu amene ali m'chikondi. Anasolola thumba la pulasitiki, mkati mwake munali lina, mkati mwa linalo munali zithovu zoyera zolimba, ndipo pakati pa zithovuzo munali feni yoonda, yonyezimira, yopepuka ngati mbale yopanda kanthu.

Mmisiri ankayang'ana mulu wa pansiwo. "Izi nazo zikupita kotaya?"

"Musayang'ane zovala, yang'anani mkwatibwi. Onani apa pa katoni. Tsamba lobiriwira. Mukudziwa tanthauzo lake? Ndi yokonda chilengedwe."

"Tsamba la mtengo wanji?"

"Sanalembe."

"Muli mtengo mkatimu?"

"Muli pulasitiki."

"Nanga tsambalo likutani pamenepo?"

"Likuonetsa mtima wake."

Mmisiri anainyamula ndi dzanja limodzi, n'kuitembenuza, n'kuyang'ana kumbuyo, pansi ndi m'mbali. Anaikanda ndi chikhadabo pamene zidutswa ziwiri zinakumana.

"Pomasulira pali pati?"

"Siifuna kumasula. Zamakono sizidwala."

"Anamata ndi guluu."

"Ndiye ukhondowo. Onani iyi." Yatuluka anatulutsa rimoti m'thumba la malaya, pamene inakhala masiku awiri pafupi ndi mtima. "Uli gone pabedi, ungodina. Ili ndi mphepo zisanu. Iyi ndi ya m'phiri. Iyi ndi ya m'nkhalango."

"Nkhalango yake iti?"

"Ina iliyonse."

"Inu feni imakhala pafupi ndi bedi. Mumaifikira ndi phazi. Mlongo wanga anandiuza."

"Phazi nalo limatopa. Lumikizani, zipikisane. Yakale apo, yatsopano apa. Ikapambana yanga, mulemba."

"Ndilemba chiyani?"

"Kuti yakaleyo yafa ndi manyazi."

"Manyazi sapha feni. Koma kulumikiza ndilumikiza."

Yatuluka anabwerera m'mbuyo masitepe atatu, kuti rimoti ioneke ntchito yake, n'kudina. Feni inalira kuti pii, n'kuyaka timagetsi tobiriwira mozungulira. Anadinanso, tinasanduka tofiira. Kenako tabuluu.

"Mwaona?"

"Kuwala ndaona. Mphepo ibwera nthawi yanji?"

"Ili m'phiri. Dikirani ndiitsitse."

Anadina batani lachiwiri, lachitatu, mpaka lachisanu. Feniyo inayamba kunjenjemera n'kumasuntha patebulo ngati mwana wofuna kukodza. Mphepo inabweradi, yamphamvu, moti zithovu zija zinauluka n'kutulukira pakhomo kulunjika kumsewu.

"Zapita kotaya," anatero mmisiri.

"Imvani mphamvu. Nkhalamba yanuyo ingachite zimenezi?"

"M'katoni munali kapepala ka malangizo?"

"Ndinakataya. Feni ndi yofuna malangizo?"

"Chepetsani pang'ono. Ikulira moipa."

"Ikuimba."

Mmisiri anakweza mphuno. "Mukumva fungo?"

"Fungo la chatsopano."

"Ndi fungo la waya."

"Waya watsopano."

Feni inalira kuti pii kachiwiri, popanda woidina. Timagetsi tinathima. Kautsi kochepa kanatuluka kumbuyo, kowongoka bwino, n'kukumana ndi mphepo ya feni yakale imene inakabalalitsa. Yakale yokha ndi imene inkatembenuzabe mutu, kumanzere, kumanja, ngati mayi wachikulire amene ananeneratu.

Yatuluka anadina rimoti. Anaimenya pachikhatho, n'kudinanso. Anayandikira sitepe imodzi, n'kudinanso.

"Yapuma," anatero.

Mmisiri anazula pulagi kukhoma, n'kugwira kumbuyo kwa feni, n'kuchotsa dzanja msanga. "Mota yapsa."

"Konzani."

"Ndilowera pati?"

"Inu mumakonza chilichonse. M'mawa wonse mwakhala mukuukitsa akufa amene sindinakupempheni. Ukitsani uyu."

"Uja ali ndi pomasulira. Uyu ndikamutsegula ndiye kuti ndamuswa, ndipo pulasitiki wotereyu salumikizika. Ngakhale ndiswe, mota yoteroyi siipezeka payokha. Amene anaipanga sanafune kuti munthu adzaione mkati."

"Onani m'ndowa."

"M'ndowa muli zanu za zaka zam'mbuyo. Za chaka chino simunataye."

"Ndikabweza."

"Munagula kuti?"

"Kwa bambo wina anaimika lole pafupi ndi kuntchito."

"Alipo lero?"

"Anati Lachisanu akhala kwina. Anati ndi chifukwa chake ndigule msanga."

"Risiti?"

"Ndinang'amba. Mlongo wanu amapisa m'matumba akamachapa."

Yatuluka anakhala pa kampando, rimoti ili pamiyendo. Anayamba kuseka yekha, kuseka kwa munthu amene wagwa pagulu ndipo akufuna ayambe ndi iye ena asanayambe.

"Alamu, ndiuzeni zoona. Pa anthu onse amene amabwera pano, alipo wopusa kundiposa?"

Mmisiri anaganiza moona mtima, akuwerenga pa zala. "Analipo wina anachapa wailesi ndi sopo."

"Zikomo."

"Koma iye anachita kamodzi."

Kenako mmisiri anasolola pepala lija pansi pa kachitini, n'kulitembenuza kumene sikunalembedwe, n'kutenga cholembera.

"Mukulemba chiyani?"

"Pepala lanu. Chifikireni mwakhala mukundipempha. Tsopano ilipo yakufa."

Yatuluka anatsegula pakamwa kuti amuletse, koma asanatulutse mawu nzeru ina inamulowa, ya mtundu womwe unamuchititsa kugula ketulo ziwiri. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Alamu. Feni iyi ndi ya ndani?"

"Yanu."

"Yafa?"

"Yafa."

"Ndiye mukalemba kuti feni ya alamu anga yafa, mwanama?"

Mmisiri anaitembenuza nkhaniyo m'mutu, akuifunafuna pomasulira. "Sindinaname."

"Lembani chomwecho. Mawu amenewo basi."

Cholembera chinayenda. Yatuluka anawerenga mozondoka, chilembo ndi chilembo: Feni ya alamu anga yafa. Ndayesa, siingakonzeke. Anaponya saka pamwamba pa feni yakale kuti isaoneke, ikuzungulirabe mkatimo. Wakufayo anamukankhira pansi pa tebulo ndi phazi, pamodzi ndi katoni yake. M'mutu mwake anali atafika kale m'tauni, pa shopu ina imene anaonamo feni yopanda mapiko, imene mphepo imangotuluka pabowo ngati matsenga. Imeneyo ndiye yatuluka kumene.

"Alamu, ndinkakunenani kuti mutu wanu ndi wouma. Ndikhululukireni. Ndinu munthu."

"Ndakhululuka."

Patsidya pa msewu panatulukira ambulera yofiirira imene Yatuluka akanaizindikira pakati pa maambulera chikwi. Mkazi wake anaima podikira magalimoto adutse, akuyang'ana chithovu choyera chimene chinkagubuduka pafupi ndi mapazi ake. Yatuluka anakonza kolala, n'kuvala nkhope ya namfedwa, n'kutambasula dzanja kuti alandire pepala.

Mmisiri anali akulembabe.

"Mwatha, alamu. Sainani basi. Mukuwonjezeranso chiyani?"

"Kalata ya imfa siikhala yopanda msinkhu wa malemu," anatero mmisiri, osadzutsa mutu. "Masiku awiri."